Mwana akapindika msana, vuto lingakhale lobisika mkati

Khadi la ku sikelo limatha nchito mwana akakwanitsa zaka 5. Kucokera pamenepo palibenso namwino amene amamuvula malaya mwezi ndi mwezi, ndipo pofika zaka 9 kapena 10 mwanayo amakhala atayamba kusamba yekha kuseri kwa mpanda. Akakhala mtsikana, citenje cimabisa zonse. Ndiye cifukwa cake m'midzi yathu ya ku Petauke ndi ku Nyimba msana wa mwana ungathe kupindika caka cathunthu, ngakhale zaka ziwiri, popanda wamkulu aliyense kuuona. Kawirikawiri woyamba kudabwa amakhala telala wosoka yunifomu, poona diresi likulendewera mbali imodzi pamene iye anapima bwinobwino, kapena mphunzitsi amene watopa kukalipira mwana kuti akhale coongoka pa desiki.

Zikadziwika, zokamba zimaculuka pamudzi. Ena amati ndi cigubu ca malita 20 cimene mwanayo amasenza pocokera ku citsime. Ena amakumbutsa za tsiku limene anagwa mu mtengo wa mango. Ena amanong'ona dzina la nkhalamba ina ya pamudzi, ndipo mwana amatengedwa kukatemedwa mphini pamsana. Pamene akulu akutsutsana cotere mwana akukula, ndipo msana umapindika kwambiri pa nthawi yomweyo imene mwana akutalika msanga.

Pali ana ena, ocepa ndithu, amene kupindika kwa msana wao ndi cizindikiro cabe ca vuto lina la mkati. Amenewa ndiwo tikambe za iwo lero, cifukwa kwa iwo kucedwa kumatha kulanda manja ndi miyendo.

Kupindika kofala ndi kupindika kocenjeza

Msana wa munthu ndi mafupa 33 osanjikizana kucokera m'khosi mpaka kumatako. Mukauyang'ana cakumbuyo uyenera kutsika coongoka. Ukakhotera kumbali ngati cilembo ca C kapena ca S, a cipatala amati ndi scoliosis. Kukula kwa kupindikako amakupima pa cithunzi ca X-ray, mwa njira imene dokotala wa ku America, John Cobb, anafotokoza mu 1948, ndipo amakuwerenga m'madigiri. Kukapanda kufika madigiri 10 sakuwerenga ngati matenda.

M'maiko amene ana a sukulu anapimidwa, ana 2 kapena 3 pa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 10 ndi 16 anapezeka nako kupindika kumeneku. Mwa odwala 10, pafupifupi 8 coyambitsa cake sicipezeka nkomwe, kungoti nthawi zina ndi za kumtundu. Ambiri mwa amene kumakula ndi atsikana. Kumayamba atatsala pang'ono kutha msinkhu, nthiti zimatukuka cakumanja, ndipo mwanayo samva kuwawa kwenikweni. Kwa oculuka kupindikako kumakhala kwakung'ono, ndipo amakula, kukwatiwa, kubereka ndi kulima monga wina aliyense. Tinene pano kuti kusenza madzi, nkhuni kapena cola ca mabuku sikuyambitsa matendawa. Katundu wolemera amapweteka khosi, zimenezo nzoona, koma sapotoza mafupa motere. Tsono inu amai musadzipatse mlandu.

Koma mwana akapindika msana asanakwanitse zaka 10, nkhani imasintha. Kafukufuku wa madokotala m'maiko osiyanasiyana wasonyeza kuti pa ana aang'ono otere, amene poyamba ankaoneka ngati alibe vuto lina, pafupifupi mmodzi mwa asanu amapezeka ndi cilema mu ubongo wa kunkhongo kapena m'cingwe ca msana akajambulidwa ndi makina a MRI. Pakati pa zilemazo, cimodzi cofala kwambiri ndi mphako ya madzi.

Mphako ya madzi m'cingwe ca msana

Aliyense amene anaphapo mbuzi kapena nkhumba akudziwa kuti mukadula fupa la msana mumapeza kacingwe koyera, kofewa ngati ubongo, kodutsa pakati pa mafupawo. Munthu nayenso ali naco cingwe cimeneci. Cimacokera mu ubongo n'kutsika mpaka cakumtunda kwa ciuno, ndipo kunenepa kwake kuli ngati kacala kakang'ono ka kudzanja. Mauthenga a pakati pa mutu ndi thupi amadzera m'menemo: lamulo loti dzanja ligwire khasu limatsika, uthenga woti phazi laponda minga umakwera.

Ubongo ndi cingweci zimayandama m'madzi oyera ngati a pa kasupe. Munthu wamkulu amakhala ndi mamililita pafupifupi 150 a madziwa, ndipo thupi limapanga atsopano okwana theka la lita patsiku pamene akale akubwerera m'magazi. Madziwa ayenera kuyenda momasuka kudzera pa cibowo cacikulu ca pansi pa cigaza, pamene mutu umakumana ndi khosi. Ana ena amabadwa ndi malo ocepa kumbuyo kwa cigaza, motero kuti kagawo ka ubongo wa kunkhongo kamatsikira m'cibowomo n'kucitseka ngati citsekero ca botolo. Dokotala wa ku Austria, Hans Chiari, ndiye anafotokoza cilemaci mu 1891 ali pa nchito ku Prague, ndipo mpaka lero cimachedwa ndi dzina lake. Njira ikatsekeka, mtima ukagunda, mwana akatsokomola kapena akadzikakamiza ku cimbudzi, madzi amakankhidwa molakwika, ndipo pang'ono ndi pang'ono amadzikundika mkati mwa cingwe cenico n'kupanga mphako. Dzina la matendawa ndi syringomyelia. Analipereka dokotala wa ku France, Ollivier d'Angers, mu 1827, kucokera ku mau a Cigiriki otanthauza citoliro.

Alimi mukudziwa zimene kapuci amacita ndi phesi la cimanga: kunja lobiriwira, mkati mwatha. Mphakoyi imacita cimodzimodzi, kungoti imatenga zaka. Imayambira pakati, kawirikawiri m'khosi ndi kumtunda kwa msana, n'kumakulira kunja, kufinya mitsempha imene yayandikana nayo. Pakati penipeni pa cingwe ndi pamene pamadutsa mitsempha yonyamula uthenga wa kuwawa ndi wa kutentha, ndiye imeneyo ndiyo imayamba kuonongeka. Mitsempha yomva kukhudza iri cakumbuyo, ndipo imapulumuka kwa nthawi yaitali. Apa mpamene pamacokera cinthu cimene makolo ambiri sacimvetsa: mwana amamva mukamukhudza ndi cala, koma khala la moto salimva.

Nanga msana upindika bwanji? Madokotala ambiri amaganiza kuti mphakoyo imafooketsa mitsempha yolamulira minofu ya mbali imodzi ya msana kuposa inzake. Ng'ombe imodzi ikafooka pa goli, mzere sungaongoke. Mwa ana ambiri kupindikako ndiko kumayamba kuoneka zizindikiro zina zisanabwere, mwanayo akuthamanga ndi kusewera mpira ngati anzake.

Si mphako zonse zimacokera ku cilema ca Chiari. Ina imabwera patapita miyezi kapena zaka mwana atavulala kwambiri msana, monga pogwa pa ngolo kapena pa ngozi ya njinga yamoto. Ina imatsatira matenda oumitsa khosi, makamaka a TB, amene amasiya zipsera zomata mozungulira cingwe. Ina imabwera ndi cotupa comera m'cingwemo. Ana obadwa ndi cotupa cotseguka pamsana, cimene a cipatala amati spina bifida, naonso mphako ndi kupindika msana sizacilendo pa iwo. Pa spina bifida pali citetezo codziwika: mapiritsi a folic acid, aja amaperekedwa ku sikelo ya amai apakati. Vuto ndi lakuti msana wa khanda umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, mai asanadziwe nkomwe kuti waima, tsono mapiritsiwo amagwira bwino nchito akayambidwa mimba isanakhale.

Zoyenera kuyang'ana

Kupima msana wa mwana sikufuna ndalama. Mwana avule malaya, aime miyendo pamodzi osapinda maondo, aweramire kutsogolo manja ali lende ngati akufuna kugwira zala za kumapazi. Inu imani kumbuyo kwake, maso anu alingane ndi msana. Ngati nthiti za mbali imodzi zatukuka kuposa za mbali ina, kapena mnofu wa m'ciuno wakwera mbali imodzi, pali kupindika. Njirayi anailemba dokotala wa ku England, William Adams, mu 1865, ndipo madokotala akuigwiritsabe nchito. Akaimirira onaninso ngati phewa limodzi liri pamwamba, kapena ngati mpata wa pakati pa mkono ndi ciuno ukusiyana uku ndi uku. Kwa mtsikana wosinkhuka, izi acite ndi amai ake kapena ambuya ake. Alangizi a ku chalichi ndi anamkungwi, amene amakhala ndi atsikana pa nthawi ya cinamwali, ali ndi mwai umene namwino alibe, ndipo mphindi imodzi yokha ikwanira.

Mukapeza kupindika kulikonse, pitani naye ku cipatala. Koma pali zina zimene muyenera kuzichula kwa dokotala ngakhale iye asanafunse. Coyamba ndi msinkhu, ngati mwanayo sanakwane zaka 10. Munenenso ngati nthiti zatukuka kumanzere m'malo mwa kumanja, kapena ngati kupindikako kwakula moonekeratu m'miyezi yocepa. Mnyamata wopindika kwambiri nayenso amafuna kuunikidwa mosamala. Kuwawa kosatha kwa msana kapena khosi, makamaka kodzutsa mwana usiku, si kwa scoliosis yofala ija.

Ndiye pali mutu. Mutu wa cilema ca Chiari uli ndi khalidwe lake: umawawa kunkhongo, umabwera mwadzidzidzi mwana akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri kapena akanyamula cinthu colemera, ndipo umatha pakapita kanthawi kocepa. Si mutu wa malungo, ndipo Coartem sangaucize. Mwana amene wapimidwa malungo kangapo osapezeka nao, koma akudandaulabe mutu wa kunkhongo, muuzeni awerame muone msana wake.

Koposa zonse yang'anani manja. Ana athu amakulira pa moto: kuphula mphika pa mafuwa, kuocha cimanga ndi mbatata, kuwaula mbewa. Kupsa si kwacilendo. Cacilendo ndi mwana amene wapsa mpaka matuza osalira, wodziceka ndi mpeni n'kudziwa poona magazi, wa zipsera zambiri m'zala zimene sakumbukira kumene anazitenga. Kusamva kumeneku kumagwira manja, mikono, mapewa ndi kumtunda kwa msana, malo aja amafundidwa munthu akadziponyera citenje m'mapewa, ndipo nthawi zina kumakhala mbali imodzi yokha. Mungayese ndi masupuni awiri, imodzi yoviika m'madzi ozizira, ina m'madzi ofunda koma osati otentha: mwana atseke maso, anene imene yamukhudza pamkono, paphewa ndi pamwendo. Pambuyo pake minofu ya m'manja imafota, pakati pa cala cacikulu ndi cinzake pamalowa, mwana amagwetsa kapu, amalephera kumanga mabatani, ndipo zolemba zake m'kope zimasintha. Miyendo imatha kuuma, mwana n'kumakoka phazi kapena kupunthwa pa malo osalala. Phazi limodzi limatha kukumbika kwambiri pansi, zala zake n'kupindika.

Anthu akaona zilonda zosawawa m'manja amathamangira kunena kuti ndi khate, banja n'kuyamba kusalidwa. Khate nalonso limapha mitsempha, koma kawirikawiri limaonetsa zigamba zotuwa kapena zofiirira pakhungu zimene sizimva kukhudza, ndipo silipinda msana. Mankhwala ake ndi aulere ku cipatala. Mphako ya madzi siyopatsirana konse. Kudyera mbale imodzi, kugona mphasa imodzi, palibe cingacitike.

Pa ana aang'ono yang'ananinso pansi pa msana, pamwamba pa matako. Tsitsi lomera pamalo pamodzi, kadzenje kakuya, banga lofiira kapena kacotupa kofewa pa malo amenewo nthawi zina zimasonyeza kuti cingwe camangika mkati. Ndipo izi sizidikira tsiku la msika kapena ndalama za thonje: miyendo kufooka mofulumira, mwana amene anasiya kale kukodzera pogona kuyambiranso kulephera kugwira mkodzo kapena cimbudzi, kutsamwa pafupipafupi pomeza, kubanika m'tulo. Zimenezi ndi za tsiku lomwelo.

Linunda la TB ndi nkhani ina

Tisasokoneze. Kuno kwathu mwana akatuluka linunda, coyamba cimene dokotala amaganizira ndi TB ya m'mafupa a msana, ndipo salakwa, cifukwa TB ndi yofala kuposa mphako ya madzi. Matendawa anawafotokoza Percivall Pott wa ku London mu 1779. Kacirombo ka TB kamadya mafupa a msana cakutsogolo, mafupawo n'kuphwanyika, msana n'kupindikira kutsogolo. Linunda lake limakhala losongoka, pakati penipeni pa msana, osati la nthiti za mbali imodzi. Mwanayo amamva kuwawa, amaumitsa msana poyenda, amagwira maondo potola cinthu pansi, amatentha thupi, amatuluka thukuta usiku ndi kuonda, ndipo nthawi zambiri panyumba panali wina wotsokomola. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma ndi za mishoni, ndipo pa TB ya m'mafupa mwana amamwa miyezi 12. Akayamba msanga, ngakhale miyendo imene inayamba kufooka imatha kubwerera. X-ray imathandiza kwambiri kusiyanitsa ziwirizi.

Ulendo wa ku Lusaka

Poyambira ndi pa kiliniki ya kwanu. Kucokera mu 2006 boma linacotsa malipiro m'makiliniki a kumidzi, tsono kuonana ndi namwino sikufuna ndalama. Iye akulemberani kalata yopita ku cipatala cacikulu: ca Nyimba, ca Petauke, ca Kalindawalo, ca mishoni ca Minga, kapena ca Nyanje kwa amene muli cakufupi ndi Sinda. Ena amatumizidwa ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata Central. Kumeneko ajambula X-ray mwana ataimirira, ndi kupima mphamvu ndi kumva kwa manja ndi miyendo. Pali kupima kwina kosavuta kumene mungapemphe: dokotala amakanda khungu la pamimba mbali zonse za mcombo ndi kamtengo, ndipo mcombo uyenera kugwedezekera kumene wakandako. Ukagwedezeka mbali imodzi yokha, ndi cizindikiro camphamvu coti m'cingwe muli kanthu.

Madokotala a mafupa ndi ocepa m'dziko muno. Ndiye cifukwa cake mu 1982 dokotala John Jellis anayamba kuuluka pa kandeke kupita ku zipatala za kumidzi, nchito imene inachedwa FlySpec. Funsani pa cipatala canu ngati pali tsiku limene madokotala oyendera a mafupa amabwera, kuti mwana alembedwe pa mndandanda wao.

Koma tinene zoona: X-ray imaonetsa mafupa okha. Mphako ya madzi sioneka pamenepo, ngakhale ikhale yaitali kucokera m'khosi mpaka m'ciuno. Imaoneka ndi MRI, makina ojambula ndi mphamvu ya maginito. Sapweteka, koma amacita phokoso, ndipo mwana ayenera kugona osagwedezeka kwa theka la ola kapena kupitirira. Aang'ono amawagoneka ndi mankhwala. Makinawa ndi odula ndi ocepa, ndipo ku Lusaka ndiko kuli zipatala zingapo zimene ziri nao. Kumenekonso ndiko kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana, ku UTH, ndi zipatala za mafupa monga Beit CURE, cipatala ca ana cimene cinatsegulidwa mu 2006, ndi St John Paul II, cimene kale cinkachedwa Zambian-Italian Orthopaedic Hospital.

Kucokera pa Petauke ndi makilomita pafupifupi 400 pa mseu wa Great East, kucokera pa Nyimba ndi oposa 300, kudzera m'mapiri a Kacholola ndi kuoloka Luangwa. Kwa mlimi wa mahekitala awiri, basi ya anthu awiri kupita ndi kubwerera, cakudya, ndi masiku odikira kwa wacibale ku Mtendere kapena ku Kaunda Square, zimatha matumba angapo a cimanga. Tsono ulendo woterewu usaonongeke. Musanyamuke popanda kalata ya ku cipatala. Tengani zithunzi zonse za X-ray, ngakhale zakale, cifukwa dokotala amafuna kuona liwiro la kupindikako. Tengani khadi la ku sikelo ndi NRC yanu. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la 2018 linakhazikitsa NHIMA, ndipo mlimi nayenso angalembetse pamodzi ndi ana ake. Lembetsani ulendo usanafike, ndipo funsani pa ofesi yao ngati kujambula kwa MRI kukulipiridwa pa cipatala cimene akutumizaniko.

Cina cimene a cipatala saciganizira koma ife timacidziwa: pakati pa Ansenga ndi Acewa mwana ndi wa kucikazi, ndipo pa nkhani ya opaleshoni amalume ake ali ndi mau. Auzidwe msanga, aone cithunzi ca X-ray ndi maso ao, ndipo ngati nkotheka akamve okha kwa dokotala. Si bwino kuti tsiku la opaleshoni lifike, ndalama zapezeka, banja n'kubwerera kumudzi cifukwa mwini mbumba sanafunsidwe.

Cimene madokotala angacite, ndi cimene sangathe

Mphako ikakhala yaing'ono ndipo mwana alibe zizindikiro, nthawi zina amangoiyang'anira, n'kudzajambulanso pakapita miyezi. Ikakhala kuti yabwera ndi cilema ca Chiari ndipo ikuononga, opaleshoni yake imacitika kunkhongo, osati pamsana popindikapo. Makolo amadabwa pamenepa. Dokotala amacotsa kacidutswa ka fupa kumbuyo kwa cigaza, kawirikawiri ndi kena ka fupa loyamba la khosi, nthawi zina n'kukulitsa cikopa cokuta ubongo poikapo cigamba, kuti madzi apeze njira. Madzi akayamba kuyenda, mwa ana ambiri mphako imaphwa yokha m'miyezi yotsatira. Mutu wa kunkhongo ndiwo umatha msanga. Koma mitsempha imene inafa kale siphukanso. Dzanja limene linafota kwa zaka limakhala lomwelo, ndipo colinga ca opaleshoni cimakhala kuteteza zimene zatsala. Monga opaleshoni iriyonse ya kumutu, iri ndi zoopsa zake, monga kudontha kwa madzi pabala ndi kulowa kwa tizirombo, ndipo kholo liri ndi ufulu wofunsa zonsezi lisanasaine.

Nanga msana wopindikawo? Akale anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pano mau ao akugwirizana ndi zimene madokotala apeza. Ana ocitidwa opaleshoni ya kunkhongo asanakwanitse zaka 10, kupindika kusanakule, ndiwo kawirikawiri msana wao umaleka kupindika, ena mpaka kuongokako ndithu. Kwa okulirapo, kapena amene kupindika kwafika madigiri 40, nthawi zambiri kumapitirirabe ngakhale mphako itaphwa.

Pakati pa madigiri 25 ndi 40, mwana akadali kukula, amamupangira covala colimba ca pulasitiki cogwira cifuwa ndi ciuno, coti azivala maola 18 kapena kuposa patsiku. Sicimaongola msana, nchito yake ndi kuletsa kupindikako kukula. Kafukufuku wa ku America ndi Canada wofalitsidwa mu 2013, pa ana a scoliosis yofala ija, anapeza kuti 72 pa 100 mwa ovala sanafike pofuna opaleshoni, pamene mwa osavala anali 48 pa 100. Pa ana a mphako covalaci sicigwira bwino cotero ngati mphakoyo sinathandizidwe, ndipo pa khungu losamva cingathe kupanga zilonda mwana osadziwa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ku cigwa ca Luangwa. Khungu liziyang'anidwa madzulo aliwonse.

Kupindika kukapitirira madigiri 45 kapena 50 kumatha kumakulabe ngakhale munthu atasiya kutalika, ndipo kukafika ca m'ma 80 ndi 90 nthiti zimapanikiza mapapo. Pamenepo pamafunika opaleshoni yaikulu yoika zitsulo ndi kulumikiza mafupa a msana. Apa mpamene kufunika kwa MRI kumaonekera bwino: kukoka msana kuti uongoke pamene m'cingwe muli mphako yosadziwika kungathe kupuwalitsa mwana miyendo. Dongosolo lake ndi lakuti ayambe aona za mphako, za mafupa pambuyo. Pa cifukwa comweci musalole munthu aliyense, kaya ndi sing'anga, kaya ndi wopempherera anthu, kuponda msana wa mwana, kumukoka kapena kumupotoza khosi kuti ati mafupa abwerere m'malo. Kupemphera pempherani ndithu. Koma kumbukirani kuti zipatala za Minga, Nyanje ndi St Francis anamanga ndi a mipingo omwewo.

Pakhomo, kusukulu ndi ku mpingo

Mwanayo asasiye sukulu. Mphako ya m'cingwe sikhudza nzeru, ndipo kucokera mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka ku sekondale. Cimene cimacotsa ana otere m'kalasi ndi kusekedwa ndi anzao, ndipo cimeneco aphunzitsi ndi a komiti ya makolo angathe kuciletsa. Pakhomo azithandiza nchito zopepuka monga kutong'ola cimanga ndi kusankha nshawa, koma kusenza katundu wolemera pamutu, kusinja ndi kuphula miphika ayambe wasiya mpaka dokotala anene. Madzi osamba aziwapima wina.

Pansi pa lamulo la anthu olumala la 2012, bungwe la ZAPD limalembetsa olumala ndi kuwapatsa khadi. Ofesi ya Social Welfare pa boma, kudzera m'makomiti a CWAC a m'midzi, ndiyo imasankha mabanja olandira ndalama za social cash transfer, ndipo banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zoculukirapo kuposa mabanja ena. Ku Chipata kuli Cheshire Home, kumene ana olumala amasamalidwa.

Za miphakati ndi Cigwirizano ca amai tinene mosabisa. Pakagwa maliro, usiku umodzi wokha bokosi, ufa ndi nkhuni zimapezeka. Koma mai akaimirira kupempha ya basi yoti mwana wamoyo akajambulidwe ku Lusaka, mbale imazungulira n'kubwerera ndi makobili. Nyengo yokolola ndiyo nthawi yoikiratu padera thumba la maulendo a ku cipatala, tini ya cimanga kapena meda ya nshawa pabanja, ndalama zisanathere ku feteleza. Ndipo thumbalo liwerengeredwe maulendo angapo, osati umodzi. Mwana wopindika msana amafuna kuonedwanso pakapita miyezi 4 kapena 6 iriyonse mpaka atasiya kutalika, kumene kwa mtsikana ndi pafupifupi zaka ziwiri atatha msinkhu. Mlembi wa mphakati alembe tsiku lobwerera ku cipatala m'buku lomwe lija amalembamo zopereka, kuti lizichulidwa pa msonkhano mwezi wake usanafike.